Zomwe nyumba ya Bayleaf ingaphunzitse osamala nyumba zakale kuno kwathu

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tifotokoze za nyumba ina ya pafamu ya ku England, yomwe yakhala zaka pafupifupi 600, ndi zomwe amisiri komanso eni nyumba zakale kuno kwathu angatolepo. Nkhani yoteteza nyumba zakale ikabuka, ambiri amathamangira ku lamulo ndi chikwangwani cha boma pakhoma. Lamulo ndi lofunika ndithu, ndipo tilikamba, koma nyumba yamitengo imakhalitsa pokhapokha madzi akamapanda kugona m'mitengo yake, ndiponso wobwera kudzakonza akamadziwa zinthu zomwe sayenera kuikapo. Nyumba zambiri zotere zawonongeka m'manja mwa anthu omwe ankati akuzikonza.

Nyumbayi imatchedwa Bayleaf. Inamangidwa kufupi ndi mudzi wa Chiddingstone m'chigawo cha Kent. Akatswiri atawerenga mizere ya zaka ya m'mitengo yake, anapeza kuti chipinda chachikulu chapakati ndi mbali imodzi ya nyumbayi ndi za pakati pa 1405 ndi 1430. Mbali inayo inamangidwa pambuyo pake, kulowa m'malo mwa ina yakale. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya madzi inamanga damu la Bough Beech, ndipo nyumbayi inali m'dera lomwe damulo linkatenga. M'malo moigumula, anaiphwasula mtengo umodziumodzi mu 1968, n'kukaimikanso mu 1972 ku Singleton m'chigawo cha West Sussex, pamalo osungirako nyumba zakale a Weald and Downland. Malowa anayambitsidwa ndi Roy Armstrong ndi anzake, anatsegulidwa mu 1970, ndipo lero pali nyumba zoposa 50 zomwe zinapulumutsidwa mwa njira yomweyi.

Kuphwasula ndi kuimikanso kunatheka chifukwa cha kamangidwe kake. Denga ndi zipinda zapamwamba zimasenzedwa ndi chimango cha mitengo yolimba ya kumeneko yotchedwa oak, pomwe makoma ntchito yake ndi kungotseka mipata. Pansi penipeni pali kakhoma kakafupi ka miyala. Pa kakhomako pamagona mtanda waukulu wozungulira nyumba yonse, ndipo nsanamira zonse zimaima pa mtandawo, sizikhudza nthaka. Chaching'ono chimenechi ndicho chinasintha zinthu, chifukwa kale Angerezi nawonso ankakumbira nsanamira pansi, ndipo nyumba zotero zinkaola m'munsi pasanathe mibadwo iwiri. Pamwamba pa nsanamira pamagona mtanda wina wotsata khoma, kenako mitanda yopingasa imamanga khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo kuti kulemera kwa denga kusakankhire makoma kunja. M'ngodya muli mitengo yopendekera, yambiri yokhota, yoletsa chimango kutsamira mbali imodzi kukaomba mphepo. Pakati pa mtanda wopingasa wa m'chipinda chachikulu paima kansanamira kakafupi kosemedwa mwaluso. Kameneka kamanyamula mtanda wautali woyenda kunsi kwa denga, ndipo pa mtandawo pamatsamira timitanda tomwe timagwira mapaso awiriawiri.

Polumikiza mitengo, mmisiri ankasema chibowo cha ngodya zinayi pa mtengo wina, n'kusema lilime kunsonga kwa unzake, lilimelo n'kulowa m'chibowomo. Kenako ankakhoma chikhomo cha oak chokhuthala mamilimita 20 mpaka 25. Chikhomochi sachita kucheka ndi sowo, amachita kung'amba pa chipika chowongoka chouma kuti mitsempha ya mtengo isaduke. Pali luso lina pano lomwe akalipentala athu angapindule nalo ngakhale popanga zitseko ndi mabenchi. Bowo la chikhomo pa lilime amaliboola mosalunjikana ndi bowo la mtengo winawo, amalisendezera mamilimita awiri kapena atatu chakumtengo komwe lilime lachokera. Chikhomo chosongoka chikamalowa, chimakoka mitengo iwiriyo mpaka kugwirana zolimba popanda chopanira. Mukasendeza kwambiri, chikhomo chimathyokera mkati kapena lilime limang'ambika kunsonga. Mukapanda kusendeza, polumikizirapo pamayasama mitengo ikauma. Misomali sinkagwiritsidwa ntchito pa chimango, ndipo wokonza wodziwa amaipewabe, chifukwa madzi a mu oak amadya chitsulo wamba, n'kusiya banga lakuda ndi bowo lomangokulirakulira. Pofunika bawuti amaika yachitsulo chosachita dzimbiri.

Mitengo inkasemedwa ikadali yaiwisi, chifukwa oak wouma amavuta pa nkhwangwa, kasemasema ndi tchizulo. Ikamauma ili kale panyumba imapindika pang'ono ndi kung'aluka motsata utali wake. Ming'alu yotereyi imaopsa poiona, koma kawirikawiri sichotsa mphamvu ya mtanda, ndipo kuitseka ndi simenti kumangosandutsa mng'alu kukhala posungira madzi. Chimango ankayamba achilumikiza chigonere pabwalo la mmisiri, khoma limodzilimodzi, n'kudinda manambala achiroma ndi tchizulo polumikizira paliponse, kenako n'kuchimasula ndi kukachiimika pamalo ake. Manambalawa alipobe pa nyumba zambiri. Amene amayeretsa mitengo yakale ndi makina opopera mchenga amawafafaniza, pamodzi ndi zipsera za nkhwangwa ndi mwaye wa pamapaso, chonsecho mwaye umenewo ndiwo umboni wakuti nyumba inayamba ndi moto wapakati isanakhale ndi chumuni.

Mkati mwa Bayleaf, chipinda chachikulu chilibe siling'i, munthu amaona mapaso ali chiimire pansi. Moto unkasonkhedwa pakati pa chipindacho, utsi n'kumatulukira m'mipata ya denga. Mbali imodzi kuli tizipinda tiwiri tosungiramo chakudya ndi zakumwa, mbali inayo kuli chipinda cha banja, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi chipinda chapamwamba chomwe chimatulukira kunja kupitirira khoma lapansi. Popeza denga ndi limodzi, khoma lakutsogolo la chipinda chachikulu limaoneka lolowa mkati, ndipo mtanda wonyamula mapaso umadutsa pamwamba pa mpatawo utachirikizidwa ndi mitengo yokhota. Nyumba za mtundu uwu zimatchedwa Wealden, ndipo n'zofala ku Kent ndi Sussex. Mazenera alibe magalasi, ali ndi timitengo toimirira ndi zotsekera zamatabwa. Denga ndi la matailosi a dothi lootcha, lotsetsereka kwambiri.

Makoma ake wokulira kumudzi kuno angawazindikire msanga, chifukwa nzeru yake ndi yomweyo ya nyumba zathu zomata. Pampata uliwonse mmisiri amaboola timabowo kunsi kwa mtanda wapamwamba ndi kusema kamzere pamwamba pa mtanda wapansi. Timitengo ta oak tong'amba timalowa m'timabowomo, kunsi n'kutikankhira m'kamzereko, motalikirana masentimita 30 mpaka 45. Kenako amaluka nthambi zofewa za kamtengo kotchedwa hazel mopingasa, monga timalukira nsungwi. Dothi lomatira limasakanizidwa ndi udzu wodula masentimita 10 mpaka 15 ndi ndowe za ng'ombe, nthawi zina ndi laimu pang'ono, n'kulipondaponda mpaka ligwirane. Dongo likachuluka, khoma limang'ambika pouma. Mchenga ukachuluka, limanyenyeka. N'chifukwa chake mmisiri amayamba wamata kampata kamodzi n'kudikira kaume asanakande dothi la nyumba yonse. Amamata mbali zonse ziwiri nthawi imodzi kuti dothi likumane pakati pa nthambi, ndipo likauma amabweranso kudzatseka kampata komwe kamatseguka pakati pa dothi ndi mtengo. Pomaliza amapaka laimu wamadzi pakhoma, ndipo m'madera ambiri ankapaka pamitengo pomwe. Mitengo yakuda bii pa khoma loyera, yomwe anthu amaona m'zithunzi za ku England, yambiri inadetsedwa ndi phula kapena penti m'zaka za m'ma 1800.

Tsopano tifike pa zomwe zimawononga. Oak wouma sakhala ndi vuto ngakhale patapita zaka mazana. Bowa woolesa mitengo amayamba kugwira ntchito chinyontho cha mumtengo chikapitirira 20 peresenti kwa nthawi yaitali, ndipo kafumbwe wa mu oak amakonda mtengo womwe bowa wayamba kale kuufewetsa. Kafumbwe wamkulu, yemwe amamveka akugogoda mumtengo pakati pa Epulo ndi Juni, amasiya mabowo a mamilimita atatu, ndipo mphutsi zake zimatha kukhala mkati zaka zingapo zikudya. Wamng'ono amasiya mabowo a milimita imodzi kapena iwiri, ndipo amadya makamaka chikopa choyera cha kunja kwa mtengo, mtima wake osaukhudza kwenikweni. Eni nyumba akaona mabowo amathamangira kupopera mankhwala nyumba yonse. Mankhwalawo amangonyowetsa pamwamba, mphutsi zili mkatikati, ndipo mabowo ambiri amakhala akalekale opanda kanthu. Bowo latsopano limadziwika ndi m'mphepete mwake moyera ndi ufa wa mtengo pansi pake. Wofuna kutsimikiza amamata pepala pa mtandawo nyengo yotulukira tizilomboti isanafike, n'kudzawerenga mabowo omwe abooka papepalapo. Chomwe chimathetsa kafumbwe n'kupeza komwe madzi akulowera ndi kuumitsa mtengo.

Madzi amalowera malo odziwika. Oyamba ndi mtanda wapansi. Zaka zikamapita nthaka yozungulira nyumba imakwera, chifukwa cha maluwa odzala m'mphepete mwa khoma, zinyalala, kapena kanjira ka konkire komwe wina anathira pamwamba pa kakale. Kakhoma ka miyala kamakwiririka, mvula yodontha kudenga imathovukira pa mtanda, mtanda umaola, nsanamira zimatitimira, zitseko zimayamba kukana kutseka. Malo achiwiri ndi polumikizira, makamaka pomwe lilime la nsanamira limalowa mu mtanda wapansi, chifukwa chibowocho chimasunga madzi. Apa kunja kumaoneka bwinobwino pomwe mkati mwasanduka ufa. Malo achitatu ndi m'mphepete mwa denga, pomwe ngalande ya madzi yatsekeka ndi masamba kapena tailosi yasweka.

Koma mdani wamkulu wa zaka 100 zapitazi ndi simenti ndi penti yamakono. Nyumba yamitengo imasuntha pang'onopang'ono nyengo zikamasintha. Dothi ndi laimu zimasuntha nayo limodzi, zimamwa madzi mvula ikagwa n'kuwatulutsa dzuwa likawala. Simenti ndi youma gwa, choncho imang'aluka pomwe yakumana ndi mtengo. Madzi amalowa pa kamng'aluko, koma potuluka palibe, ndiye amakakhazikika pa mtengo. Zili ngati munthu wovala jumbo pathupi dzuwa likuswa mtengo: thukuta limangothera mkati. Penti yonyezimira ndi phala lotsekera mipata la m'machubu zimachita chimodzimodzi. Ena anagumula dothi n'kuikamo njerwa, zomwe ndi zolemera kuposa dothi ndipo zimasunga chinyontho pa mtanda womwe zakhalapo. Enanso anadula mtanda wopingasa kuti patuluke khomo m'chipinda chapamwamba, kapena kuchotsa mtengo wopendekera kuti zenera likule, ndipo patapita zaka makoma anayamba kutanuka. Kusintha matailosi a dothi n'kuika a konkire olemera kwapinda mapaso a nyumba zambiri.

Kukonza koyenera kumayamba ndi kuyendera nyumba mvula ikugwa, kuti muone komwe madzi akupita. Kenako mumabaya mitengo ndi chitsulo chosongoka, makamaka m'munsi mwa nsanamira ndi polumikizira. Chikangolowa mamilimita ochepa n'kuima, mtengo uli bwino, ngakhale pamwamba pakuoneka ponyenyeka. Mitengo yakale inali yaikulu kupitirira mlingo wofunika, kotero mtanda womwe wadyeka masentimita awiri kunja ukhoza kukhalabe ndi mphamvu zokwanira. Mukatero mumatsitsa nthaka kuti ikhale masentimita osachepera 15 kunsi kwa mtanda wapansi, n'kuipendeketsa kuti madzi azithawa nyumba. Simenti mumaichotsa ndi manja, pang'onopang'ono, chifukwa makina amagwedeza dothi lakale mpaka kuligwetsa. Mukamaliza zimenezi musiye nyumba iume miyezi ingapo musanaweruze mtengo uliwonse. Nthawi zambiri ntchito yomwe inkaoneka yaikulu imachepa.

Pomwe mtengo waoleratu, mumachirikiza kaye katundu yense yemwe wasenza, kuyambira kudenga mpaka pansi polimba. Kenako mumadula gawo loola lokha n'kulumikizapo latsopano la mtundu womwewo. Polumikizirapo mumapasema mopendekera, kutalika kwake kukhale pafupifupi katatu kukhuthala kwa mtengo, ndipo kunja kupendekere pansi kuti madzi azitsetsereka m'malo molowa. Mitsempha ya chigamba iyende mbali imodzi ndi ya mtengo wakale. Chigamba chaching'ono chikhale cha mtengo wouma, chifukwa chaiwisi chimanyala n'kusiya mpata. Mtanda wathunthu wokha ndiwo ungakhale waiwisi. Musayese kuwongola nyumba yomwe inapendekeka zaka 300 zapitazo n'kukhazikika choncho, chifukwa jeke imangothyola malilime ndi zikhomo zomwe zinazolowera kukhala mopendekeramo. Dothi lakale lomwe lagwa musataye: liphwanyeni, linyowetseni, onjezani udzu, limateninso. Pulasitala ndi matope omangira kakhoma ka miyala zikhale gawo limodzi la laimu ku magawo atatu a mchenga wa mumtsinje wosakanikirana waukulu ndi waung'ono, opanda simenti ngakhale fosholo imodzi. Laimu wopaka akhale wamadzimadzi ngati mkaka. Nyowetsani khoma, pakani mopyapyala katatu mpaka kasanu, tsiku limodzi pakati pa kupaka kulikonse, ndipo musapake padzuwa lamphamvu. Wokhuthala amasweka n'kuyoyoka.

Za lamulo la ku England tinene mwachidule. Kulemba nyumba zofunika m'kaundula kunayamba ndi malamulo a 1944 ndi 1947, nkhondo itagumula nyumba zambiri, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito lero ndi la 1990. M'kaundulamo muli zomangidwa zoposa 370,000, m'magulu atatu: Grade I, ya nyumba zofunika koposa, yomwe ndi pafupifupi 2.5 peresenti, kenako Grade II*, ndi Grade II, momwe muli zoposa 90 peresenti. Bungwe la Historic England ndilo limasamala kaundulayu. Pafupifupi nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700, yomwe sinasinthidwe kwambiri, imalembedwa. Chitetezo chimakhudza kunja ndi mkati momwe, komanso nkhokwe, makola ndi mipanda yakale ya pamalopo. Wofuna kusintha chilichonse chokhudza maonekedwe ndi mbiri ya nyumba ayenera kutenga chilolezo ku khonsolo, ndipo kuchita popanda chilolezo ndi mlandu womwe chilango chake chimafika zaka ziwiri kundende kapena chindapusa chopanda malire. Mlanduwo umagwera mwini nyumba ndi mmisiri yemwe.

Komabe lamuloli lili ndi potayikira. Limaletsa kugumula, koma silikakamiza mwini nyumba kukwera padenga kukachotsa masamba. Khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti ntchito yachangu ichitike, ngakhale kugula nyumba mokakamiza, koma zimenezi zimafuna ndalama ndipo zimabwera nyumba itawonongeka kale. Msonkho nawo sukuthandiza: wokonza nyumba yakale amalipira VAT ya 20 peresenti, pomwe womanga nyumba yatsopano yokhalamo salipira. N'chifukwa chake chaka ndi chaka Historic England imatulutsabe mndandanda wa nyumba zotetezedwa zomwe zili pachiopsezo. Bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, lomwe William Morris ndi anzake anayambitsa mu 1877, lakhala likuphunzitsa kuti nyumba yakale isamalidwe tsiku ndi tsiku, ikonzedwe pokhapo pawonongeka, ndipo asaibwezere ku maonekedwe ongoganizira. Ife tikugwirizana nawo, ndipo pachifukwa chimenechi sitingayamikire Bayleaf mopanda mafunso. Monga nyumba zina zambiri za mtundu wake, m'kupita kwa zaka inalandira chumuni cha njerwa ndi chipinda chapamwamba pomwe panali mpata wa chipinda chachikulu. Poimikanso, zoonjezerazo sanazibwezeretse, kuti alendo aone nyumba monga inaliri poyamba. Pophunzitsa zinathandiza, koma mbiri ya mabanja omwe anakhalamo pambuyo pake inachoka m'makomawo, ndipo nyumbayo inasiyana ndi minda yake. Kusamutsa nyumba ndi njira yomaliza, yoyenera pokhapokha damu kapena msewu ukafika pakhomo.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Nyumba za chimango cha oak tilibe, koma tili ndi nyumba zakale zomwe moyo wake uli m'mitengo. Mandala House ku Blantyre, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi yotetezedwa ndi boma ndipo ikugwirabe ntchito, laibulale ya Society of Malawi ili m'chipinda chapamwamba. Koma nyumba zambiri za m'maesiteti ku Thyolo ndi Mulanje, nyumba zakale za boma ku Zomba ndi za m'mamishoni palibe amene amaziyendera. Zambiri zili ndi khonde la nsanamira zamitengo, mapaso ndi mafelemu amitengo, ndipo njerwa zake zinamangidwa ndi matope a dothi kapena laimu. Pulasitala ya simenti pa khoma lotere imachita zomwe tafotokoza zija: chinyontho chochokera pansi chimalephera kutuluka, chimakwera mpaka kukapeza mafelemu ndi nsonga za mitanda zomwe zalowa m'khoma.

Mitengo ya m'nyumba zimenezi ilibe poigulanso. Yambiri ndi mkungudza wa ku Mulanje, womwe chiswe sichiukonda, ndipo mtengowu, womwe ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Mlombwa ndi mbawa za misinkhu imeneyo nazo zikusowa. Mmisiri akazula felemu la mkungudza chifukwa laola masentimita 20 m'munsi, n'kuikapo la paini kapena lachitsulo, wataya chinthu chomwe chikanangofuna chigamba. Zidutswa zabwino za mitengo yozulidwa pa nyumba zomwe zagwa kale ndizo zoyenera kusungira zigamba zotere.

Kusiyana kwathu ndi England ndi chiswe, ndipo nachonso chimatsata chinyontho. Chimachokera m'nthaka, chimamanga tinjira tadothi pakhoma kapena kudutsa m'ming'alu ya pansi, ndipo chimadya mkati mwa mtengo n'kusiya khungu lokha. Nsanamira ya khonde yomwe yakwiriridwa mu konkire ndiyo imayamba kugwidwa: mtengo umanyala, pamatseguka kampata kozungulira, madzi a mvula ndi okolopera amalowa, m'munsi mumaola, chiswe n'kupeza njira yobisika. Kukonza kwake n'kuchirikiza denga la khonde, kudula gawo loola, kulumikiza latsopano mopendekera, ndi kuimika nsanamira pa mwala kapena pa kachitsulo koikweza masentimita 10 mpaka 15, kuti mphepo izidutsa pansi ndipo kanjira ka chiswe kazioneka ndi maso. Nkhuni, matabwa ndi makatoni zisaunjikidwe kukhoma. Zitsa zakufa zapafupi zizulidwe. Maluwa othirira tsiku lililonse achoke m'mphepete mwa maziko. Nyumba za pansi pamatabwa zili ndi timabowo tolowetsa mphepo m'munsi mwa khoma, ndipo ambiri amatitseka poopa makoswe ndi njoka. Tiikeni sefa yawaya, koma musatitseke. Oyilo wakuda wa galimoto yemwe ambiri amapaka pamitengo salowa mkati, amangodetsa ndi kubisa pomwe pawonongeka. Mtengo watsopano woika pobisika, monga bulugama kapena paini, ukhale wolowetsedwa mankhwala ndi makina, ndipo paliponse pomwe mwadula pakaninso mankhwala, chifukwa pakati pake sipafika mokwanira.

Padenga la malata, madzi amalowera pa misomali yomwe yakwera chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, ndiponso pomwe madenga awiri akumana. Lowani m'siling'i masana: kuwala kulikonse komwe mukuona ndi polowera madzi, ndipo banga lakuda pa phaso likuuzani pomwe pakhala pakudontha. Ntchito imeneyi ichitike mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Pogula laimu samalani: laimu wa m'munda ndi mwala wongopera, sagwira khoma. Wofunika ndi laimu wootcha womangira, ndipo wa m'thumba mumunyike m'madzi mu diramu kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira musanasakanize ndi mchenga. Tetezani maso ndi manja, amaotcha.

Lamulo lathu la Monuments and Relics Act la 1990 limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti malo kapena nyumba ndi yotetezedwa, ndipo limaletsa kugumula kapena kusintha popanda chilolezo. Pempho lathu ku nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala ndi lakuti mndandanda wa nyumba zotetezedwa uzipezeka mosavuta, pa intaneti ndi ku maofesi a makhonsolo, kuti wogula nyumba, wopereka chilolezo cha mapulani ndi kontirakitala azidziwa ntchito isanayambe. Mwini nyumba yotetezedwa apatsidwenso kapepala m'Chichewa konena zoyenera kuchita chaka chilichonse ndi zosayenera kupaka. Ku TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja tikupempha kuti kukanda laimu ndi kulumikiza chigamba pa mtengo wakale zilowe m'maphunziro a omanga ndi akalipentala, chifukwa mmisiri yemwe anaphunzira simenti yokha adzaika simenti paliponse, ndipo sitingamudzudzule.

Tisaiwalenso zomanga zathu zenizeni za pafamu: nyumba zomata za nsichi ndi luzi, nkhokwe, makola ndi zigafa za fodya. Izi sizikhala zaka mazana chifukwa nsichi zake zimalowa m'nthaka, ndipo zomwe zingasungidwe ndi luso la omanga ake. Ophunzira za mapulani a nyumba ku yunivesite ya MUBAS akhoza kumapita m'midzi ndi m'maesiteti patchuthi kukayeza ndi kujambula. Pa nyumba iliyonse alembe muyeso wa chipinda chilichonse, mtundu wa mtengo pa nsichi, mphanda, mitanda ndi mapaso, kamangidwe ka polumikizira, komwe dothi lomatira linakumbidwa ndi zomwe anasakanizamo, mwezi womwe mitengo inadulidwa, ndi zomwe womangayo amachita pofuna kuti chiswe chichedwe kufika. Zolembazo zikasungidwe ku National Archives ku Zomba, ndipo kope lina litsale kwa mfumu ya mudziwo kapena mwini malo.

Ndife owerenga anu,
Amisiri a ukalipentala ndi zomangamanga,
Blantyre